Bango la ku Kambwe ndi Anthu a Kutsidya kwa Songwe

Kambwe ndi malo a m'mbali mwa nyanja, pang'ono chabe kumpoto kwa tawuni ya Karonga. Wodutsa pamsewu amangoona minda ya mpunga, nthochi ndi ng'ombe zikudya m'dambo, basi. Koma kumapeto kwa Okutobala 1887, nyengo imene dzuwa la ku Karonga limaswa mtengo ndipo udzu uliwonse umangodikira kamoto, pamalo amenewa panafera anthu ambirimbiri tsiku limodzi. Anali Ankhonde othawa nkhondo, amuna, amayi ndi ana, amene anabisala m'bango lozungulira dziwe la Kambwe poganiza kuti mfuti siziwapeza m'menemo. Adani awo sanavutike n'kulowamo. Anangoliyatsa bangolo. Wothawira kumtunda anakumana ndi chipolopolo, mkondo kapena goli la ukapolo. Wothawira m'madzi anakumana ndi ng'ona.

Za Mlozi, mtsogoleri wa adaniwo, ndi nkhanza zake ana amaphunzira kusukulu, ndipo ku Karonga dzina lake silinazilale. Zimene sitikamba kawirikawiri ndi za otsala aja: atatuluka mu utsi uja analowera kuti, anawalandira ndani, ndipo wowalandirayo zinamudyera zotani.

Dziko la Ankhonde linali dziko lokhuta. Midzi inkabisika m'nthochi, mkaka sunkasowa, ndipo ufumu wa Kyungu, umene mizu yake ili paphiri la Mbande, unali utakhazikika kwa zaka mazana angapo. Dziko lotere limakoka alendo, ndipo m'zaka za m'ma 1880 anabwera a mitundu itatu. Oyamba anali Ahenga, amene anagalukira Angoni a M'mbelwa, nagonja, n'kuthawira kumpoto. Anafika ali othawa nkhondo, ndipo Ankhonde anawapatsa malo okhala. Achiwiri anali amalonda a Chiswahili, amene anthu ankangowatcha Aluya. Mlozi, Kopakopa ndi Msalemu anamanga malinga awo m'chigwa cha North Rukuru cha ku Mpata, panjira imene minyanga ndi akapolo zinkatsikira kunyanja kuchokera ku Luangwa ndi kwa Awemba. Achitatu anali a kampani ya African Lakes, ija tonse timaidziwa kuti Mandala, amene anatsegula sitolo pa Karonga mu 1884, poyambira msewu wa Stevenson wopita ku nyanja ya Tanganyika. Woyang'anira sitoloyo anali mzungu wa ku Scotland, L. Monteith Fotheringham, amene anthu ankamutchula kuti Montisi.

Tisanamuveke Montisi nthenga za ngwazi, tidziwiretu kuti iye ndi Mlozi poyamba ankadyera mbale imodzi. Mandala inkagula minyanga kwa Aswahili omwewo n'kuwapatsa nsalu ndi katundu wina, ndipo sitoloyo ndi chimodzi mwa zimene zinachititsa kuti chigwa cha Rukuru chiwakomere. Eni dziko ankangoona alendo akuchuluka, onse ndi mfuti, onse ofuna kudya za m'minda ya eni. Mu Julayi 1887 mfumu ina ya Ankhonde, Kasote, inaphedwa ndi anthu a Aswahili, ndipo Montisi analowererapo kuti Ankhonde asabwezere. Mu Okutobala inaphedwanso ina, Mwinimtete. Apa Ankhonde sanamverenso za munthu. Anabwezera, ndipo Mlozi anapezerapo mpata. Asilikali ake, aja ankatchedwa rugaruga, anayamba kutentha midzi umodziumodzi, iye n'kudzitcha sultani wa dziko la Ankhonde.

Chowawa kwambiri pankhaniyi n'chakuti pambali pa rugaruga panali Ahenga otsogoleredwa ndi Kanyoli, anthu omwe aja anapatsidwa malo zaka zochepa m'mbuyomo. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma sananene kuti kalumoko kadzameta ndani. Sindikunena izi pofuna kudzutsa chidani, popeza lero Ahenga ndi Ankhonde anakwatirana mpaka sungadziwe wa uku ndi wa uko. Katswiri wa mbiri Owen Kalinga, amene buku lake la ufumu wa Ankhonde linatuluka mu 1985, anaonetsa kuti nkhondoyi sinali chabe ya azungu achifundo ndi Aluya ankhanza monga ankaisimbira atsamunda. Munali mikangano ya malo, ya chakudya ndi ya ulamuliro pakati pa anthu akuda okhaokha, ndipo aliyense ankasankha mbali imene ankaona kuti imusiya wamoyo.

Moto wa ku Kambwe utazima, opulumuka anagawikana. Ena anathamangira kumpoto, kuwoloka mtsinje wa Songwe. Ena anakhamukira kusitolo ya Mandala, kumene Montisi anali atayamba kale kumanga linga m'mphepete mwa nyanja. Pamenepo Montisi anayenera kusankha. Akanatha kutseka chipata n'kunena kuti iye ndi wamalonda, nkhondo ya eni siikumukhudza, ndipo mwina Mlozi akanamusiya apitirize kugula minyanga. Iye anatsegula. Zolemba za nthawiyo zimati anthu pafupifupi 1,500 anapanikizana m'lingamo ndi pamchenga wa kumbuyo kwake. Kuyambira tsiku limenelo Mandala inasanduka mdani wa Mlozi.

Kumayambiriro kwa Novembala sitima ya Ilala inabwera ndi azungu ena ochepa, pakati pawo Henry O'Neill, kazembe wa Britain ku Mozambique, ndi mlenje wa njovu wotchedwa Alfred Sharpe. M'lingamo munalinso m'busa J. A. Bain wa mishoni ya Livingstonia. Chakumapeto kwa mweziwo anthu a Mlozi anazinga lingalo n'kuliwombera masiku asanu, usana ndi usiku. Othawa aja ankakumba maenje mumchenga n'kubisamo ana. Wonga unkatha, chakudya chinkatha, ndipo kumbuyo kunali nyanja yokhayokha. Azungu anali asanu ndi mmodzi okha. Mabuku a atsamunda amakonda kuima pamenepa kuti wowerenga agome ndi kulimba mtima kwa anthu asanu ndi mmodziwo, ndipo n'zoona analimba mtima. Koma lingalo silinapulumuke ndi mfuti zawo.

Mzungu wina wa Mandala, J. L. Nicoll, anali atapita kumpoto kukapempha thandizo kwa Anyakyusa, anthu a kutsidya kwa Songwe, ndipo anabwera nawo, amuna okwana ngati 5,000 onyamula mikondo ndi zishango. Anthu a Mlozi atamva kuti khamu limenelo layandikira anasasula misasa n'kubwerera kumalinga awo. Ndi mmene anapulumukira Ankhonde aja, ndipo ndi mmene anapulumukiranso Montisi, O'Neill ndi Sharpe.

Chotsatira chake n'chimene chimandisangalatsa. Azungu aja anaona kuti pa Karonga sangakhalenso. Anasiya sitolo, imene adani anaitentha pambuyo pake, n'kutsagana ndi owapulumutsawo kumpoto, kukamanga misasa kumutu kwa nyanja m'dziko la Anyakyusa. Ndiye kuti kumapeto kwa 1887 Montisi naye anali wothawa nkhondo, wodalira nthochi za eni mudzi. Sharpe, amene patapita zaka anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland yense, anagona m'dziko la eni ngati mlendo wosowa kolowera. Pazithunzi zake za ku Zomba, ali ndi mendulo pachifuwa, zimenezi sizioneka.

Nkhani ya anthu obisa anzawo pa nthawi ya chizunzo ili ndi kwawo kumene inasungidwa mosamala, ndipo kuiika pambali pa ya ku Karonga kumatsegula maso. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Ajeremani a chipani cha Nazi anapha Ayuda pafupifupi 3 miliyoni a ku Poland, ndipo ku Lithuania anapha oposa asanu ndi anayi mwa Ayuda khumi alionse. Kukula kwa chiwembu chimenecho sitingakuyerekeze ndi nkhondo ya Mlozi. Kumeneko boma lathunthu, ndi sitima zake za pamtunda ndi makalaliki ake, linatsimikiza zofafaniza mtundu wonse. Ku Poland lamulo la pa 15 Okutobala 1941 linati Myuda wotuluka m'malo amene anawatsekera aphedwe, ndipo womubisa aphedwenso. Ngakhale zinali choncho, ena anabisabe.

M'mudzi wa Markowa, mlimi Józef Ulma ndi mkazi wake Wiktoria anasunga Ayuda asanu ndi atatu m'denga la nyumba yawo. Mbandakucha wa pa 24 Malichi 1944 apolisi a Chijeremani anafika, napha Ayudawo, napha Józef ndi Wiktoria amene anali ndi pakati potopa, kenako anapha ana awo onse asanu ndi mmodzi. Mpingo wa Katolika unalengeza banja lonselo kukhala odala mu Seputembala 2023. Mu mzinda wa Warsaw munali bungwe lachinsinsi la Żegota, lokhazikitsidwa mu Disembala 1942, limene linkapezera Ayuda zitupa zabodza, ndalama ndi pogona. Irena Sendler, mmodzi mwa anthu ake, ankazembetsa ana n'kukawasungitsa m'mabanja ndi kwa masisitere. Ku Vilnius, mayi wogwira ntchito m'laibulale ya yunivesite, Ona Šimaitė, ankaloledwa kulowa kumene anatsekera Ayuda ponamizira kukatenga mabuku amene ophunzira sanabweze. Polowa ankanyamula chakudya ndi mankhwala, potuluka ankanyamula makalata ndi zolembedwa zofunika kuzibisa. Anamugwira mu 1944, anamuzunza, n'kumutumiza ku Dachau, koma anapulumuka.

Kumenekonso kunali a Kanyoli akwawo. Ku Jedwabne mu Julayi 1941 anthu a m'tawuni momwemo anatsekera Ayuda anansi awo m'chinyumba chosungiramo zokolola n'kuchiyatsa moto, ndipo ku Paneriai pafupi ndi Vilnius ambiri mwa owombera anali a ku Lithuania komweko. Wobisa Myuda ankaopa Mjeremani, komanso ankaopa diso la mnansi wake.

Tikudziwa mayina ndi masiku amenewa chifukwa opulumuka anaumirira kuti alembedwe. Kuyambira mu 1963 bungwe la Yad Vashem ku Jerusalem lakhala likulandira umboni wa opulumuka, kuufufuza, n'kupereka ulemu wa Olungama mwa Anthu a Mitundu. Pamndandanda wake pali anthu a ku Poland oposa 7,000 ndi a ku Lithuania oposa 900. Muyeso wake ndi wokhwima: munthuyo akhale kuti anaika moyo wake pachiswe, ndipo asakhale kuti anachita zimenezo pofuna malipiro.

Titati titenge muyeso umenewu n'kupita nawo ku Karonga wa 1887, ndani angaupambane? Montisi anaikadi moyo wake pachiswe, zimenezo palibe angamulande. Koma anali kutetezanso katundu wa kampani ndi njira yake ya malonda, ndipo nkhondoyo itatha Mandala inatsala ndi malo aakulu kwambiri kumpoto kuno, omwe inkati mafumu anaipatsa posinthana ndi chitetezo. Amene anathawira m'linga lake anadzazindikira mochedwa kuti chitetezocho chinali ndi mtengo. Komanso mbiri yonseyi timaimva kwambiri kuchokera m'buku limene Montisi mwini wake anatulutsa mu 1891, ndipo munthu akamadzisimba yekha sadziika kumbuyo.

Anyakyusa nawo sanali angelo. Pa 23 Disembala 1887 iwo ndi azungu aja anathira nkhondo mudzi wa Mlozi n'kuulowa. Anyakyusa atatenga minyanga, nsalu ndi zina zimene anapeza, anabwerera kwawo osapitiriza kumalinga a Kopakopa ndi Msalemu. Azungu anadandaula kwambiri, nawalemba ngati anthu ongofuna zofunkha. Ine ndimaona mwina. Anthuwa anali atachita kale chimene anaitanidwira, ndicho kumasula ozingidwa. Nkhondo yothamangitsa Aswahili kuti Mandala itsale yokha pamsika sinali yawo. Ndiponso Disembala ndi mwezi wa khasu. Mwamuna amene wasiya munda kuti akamenyere nkhondo kampani ya ku Glasgow adzadya chiyani chaka chamawa?

Koma anthu amene ndikuganiza kuti angapambane muyeso uja sanagwire mkondo n'komwe. Ndi eni makomo a kumpoto amene analandira Ankhonde othawa n'kukhala nawo, osati masiku asanu ngati a m'linga, koma miyezi ndi zaka. Othawawo anafika chimanjamanja, ng'ombe zitalandidwa, nthochi zawo zitadulidwa, ndipo anafika mvula ikuyamba, nthawi imene ngakhale nyumba yokhuta imayamba kuyeza chakudya. Panali mayi amene anawonjezera nthochi mumphika wa mbalagha kuti ukwanire pakamwa khumi m'malo mwa pasanu. Panali bambo amene anagawa munda wake, mwina n'kubwereketsa ng'ombe ya mkaka kwa mlendo wa ana ang'onoang'ono. Popanda anthu oterewa, amene anathawa moto wa ku Kambwe akanafa ndi njala. Ndipo kusunga anthu amene Mlozi ankawafuna kunali kuitanira mfuti zake pakhomo pako. M'mabuku a azungu mumapezeka mayina a mafumu ochepa, monga Mwankenja, chifukwa ndi amene ankakambirana nawo. Amayi ophika aja sanalowe m'buku la munthu.

Wina anganene kuti pamenepa palibe chodabwitsa, popeza Ankhonde ndi Anyakyusa ndi pachibale: chinenero n'chimodzi, miyambo ndi yofanana, ndipo mbiri za mafumu awo zimakumana kumapiri a Ukinga. Kulandira m'bale, angatero, n'kosiyana ndi zimene anachita a Ulma, amene anafera anthu a chipembedzo china. Mfundoyi ili ndi mutu, ndipo kusiyana kwina n'koonekeratu. Ku Poland wopulumutsa ankagwira ntchito yake mobisa, nyumba imodzi payokha, osauza ngakhale m'bale wake, pamene kumutu kwa nyanja anthu analandira anzawo poyera, mudzi wonse pamodzi, mikondo ili m'manja. Komabe chibale pachokha sichitsegula chitseko. Mafumu a Anyakyusa anali ambiri, odziimira paokha, ndipo ankamenyana okhaokha pankhani za ng'ombe. Akanatha kuona kugwa kwa Ankhonde ngati mwayi wotolera zotsala. Akanathanso kuchita ngati Kanyoli, kupangana ndi mwini mfuti. Kuti anasankha zina, chinali chisankho ndithu, ndipo amene amati "ndi mwambo wathu basi" amawalanda ulemu umene anaugwirira ntchito.

Nkhondoyo inapitirira mwa apo ndi apo. Frederick Moir wa Mandala anavulazidwa mkono mu Epulo 1888. Kapitawo Frederick Lugard, amene pambuyo pake anadzatchuka ku Uganda ndi ku Nigeria mpaka kukhala Lord Lugard, anayesa kugwetsa linga la Kopakopa mu Juni chaka chomwecho, ndipo chipolopolo chimodzi chinamuboola mikono yonse iwiri. Anachoka mu 1889 malinga ali chiimire. Mu Okutobala 1889 Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anapangana mtendere ndi Mlozi mothandizidwa ndi Jumbe, mfumu ya Chiswahili ya ku Nkhotakota, ndipo pangano lake linalola Ankhonde kubwerera kumidzi yawo. Ambiri anayamba amanga moyandikana ndi sitolo ya Mandala, popeza malinga aja anali akadali pomwepo.

Mapeto a Mlozi anafika mu Disembala 1895. Johnston anabwera ndi asilikali a Chisikhi, asilikali akuda ndi mizinga, ena atakwera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann. Linga litagwa, amene anamupeza Mlozi atabisala m'chipinda chokumba pansi pa nyumba yake anali sajeni wa Chitonga dzina lake Bandawe. Mafumu a Ankhonde ndi amene anakhala pabwalo lomuweruza, ndipo anapachikidwa pa 4 Disembala. Johnston analemba kuti m'lingamo anamasulamo akapolo 569. Chiwerengero cha akapolo anachisunga bwino chifukwa chinkafunika ku London.

Pofika nthawi imeneyo anthu a kumpoto aja anali atasanduka kale a dziko lina. Pa 1 Julayi 1890 Britain ndi Germany anasainirana pangano ku Ulaya logawana mbali ino ya Africa, ndipo mtsinje wa Songwe anausandutsa malire. Ankhonde anagwera kwa Angerezi, Anyakyusa ambiri kwa Ajeremani. Palibe anafunsa Kyungu kapena Mwankenja. Sharpe, amene moyo wake unapulumutsidwa ndi mikondo ya Anyakyusa, anadzalamulira dziko lothera pamtsinje womwewo, omupulumutsawo ali kutsidya pansi pa mbendera ina.

Patangopita zaka 24, malirewo anaonetsa ntchito yake. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, gulu la asilikali a Ajeremani linatsika kuchokera ku Neu Langenburg, kumene lero ndi Tukuyu, pakatikati pa dziko la Anyakyusa, n'kuwoloka Songwe. Pa 9 Seputembala 1914 linathira nkhondo boma la Karonga, ndipo tsiku lomwelo linagonja kwa asilikali a King's African Rifles cha ku Kasoa. Kwa zaka pafupifupi ziwiri zotsatira dera lonse la malire linali bwalo la nkhondo, midzi ikulandidwa chakudya ndi asilikali a mbali zonse. Angerezi ankagwira amtengatenga kumwera kwa mtsinje, Ajeremani ankagwira awo kumpoto, ndipo m'mizere iwiri yonyamula zipolopolo pamutuyo munali ana a othawa a 1887 ndi ana a amene anawasunga.